KODI MKRISTU ASALE KUDYA PAMODZI NDI MNANSI WACE MSILAMU?

M'midzi yambiri ya kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Petauke kufikira ku Lundazi, Akristu ndi Asilamu amatunga madzi pa citsime cimodzi, amagula pa msika umodzi, ndipo pa maliro amalira pamodzi. Ku Chipata mizikiti iri pafupi ndi nyumba zopemphereramo Akristu, pakuti amalonda a ku India anafika kumeneko mzindawo ukali kuchedwa Fort Jameson, ndipo Ayao ocokera ku Malawi anadza naco cipembedzo comweco. Asilamu ngowerengeka m'dziko lino, koma mabanja ambiri a Cikristu ali naye wina wa iwo pafupi: mkamwini, mtengwa, bwenzi la pa ubwana, kapena mwini nchito.

Cifukwa cace funso ili limabuka kawiri kawiri. Mnyamata wobatizidwa asoka zobvala pa khonde la sitolo ya Msilamu. Caka conse amadya nsima ya masana mbale imodzi ndi anzace a pa nchito. Ufika mwezi wa Ramadan, ndipo anzacewo aleka kudya ndi kumwa kufikira dzuwa litalowa. Mnyamata uja acita manyazi kumasula mpukutu wa cakudya pamaso pa anthu a njala, ndipo mumtima mwace afunanso kudziwa cimene anzace akumva m'thupi. Pobwera kumudzi afunsa atate wace, amene ali mkulu wa mpingo, nati, "Atate, ndikasala nao pamodzi, kodi ndacimwa?" Atatewo akayankha mwaukali, mwana adzacita mobisa. Akabvomera osaganiza, mwana angataye cikhulupiriro cace, kapena kuononga thupi lace. Funsoli liyenera kuyankhidwa mofatsa, ndipo liri ndi mbali ziwiri, ya mzimu ndi ya thupi.

MWEZI WA RAMADAN

Poyamba adziwike mwezi umene ukunenedwawo. Asilamu amawerenga miyezi yao poona mwezi kumwamba, monga anacitira makolo a Acewa ndi Ansenga. Ramadan ndiwo mwezi wacisanu ndi cinai, ndipo uli ndi masiku 29 kapena 30. Caka cao ciri ndi masiku 354 kapena 355, ndiye kuti cicepa ndi masiku ngati 11 pociyerekeza ndi caka ca m'buku lino. Potero Ramadan sakhala pa nyengo imodzi: caka ndi caka amafulumira, nazungulira dzinja, cirimwe ndi masika m'zaka ngati 33. Mu 2025 anayamba kuciyambi kwa March, masiku ocepa asanayambe Lenti wa Akristu pa 5 March. Mu 2030 adzayamba kawiri m'caka cimodzi, kuciyambi kwa January ndi kumapeto kwa December. Pofika 2035 ndi 2036 adzagwa m'November ndi m'October, m'kati mwa kutentha kwakukuru.

Lamulo la kusala linaikidwa mu 624, zaka ziwiri Muhammad atasamuka ku Mecca kunka ku Medina mu 622, ndipo lalembedwa m'sura yaciwiri ya Korani. Wosala sadya kanthu, samwa ngakhale dontho la madzi, sasuta fodya, ndipo sagona ndi mkazi wace, kuyambira m'bandakuca kufikira dzuwa litalowa. M'dziko lino nthawi imeneyo ndiyo maora 13 kapena 14. Kusanace amadzuka kudya cakudya cimene amacicha daku. Dzuwa litalowa amamasula, kawiri kawiri ndi madzi ndi zipatso za kanjedza. Mwezi ukatha pali cikondwerero ca Idi, ndipo lisanayambe pemphero la tsikulo banja liri lonse limapereka cakudya kwa osauka.

Lamulo lomwelo limasula ena. Ana aang'ono sakakamizidwa. Odwala ndi a pa ulendo abweza masiku ao pambuyo pace. Mkazi wa pakati ndi woyamwitsa aloledwa kuleka ngati aopa za moyo wace kapena wa mwana. Nkhalamba zofoka ndi odwala matenda osatha amadyetsa wosauka m'malo mwa tsiku liri lonse. Mkristu azikumbukira ici, pakuti mlendo pa mwambo wa eni amakonda kuumitsa zinthu kuposa eni ace.

MAU A OKANA NDI MAU A OBVOMERA

Okana ali ndi mau olemera. Amati kusala kwa Ramadan ndiko imodzi ya nsanamira zisanu za Cisilamu, pamodzi ndi cibvomerezo ca cikhulupiriro, mapemphero asanu a tsiku ndi tsiku, copereka ca kwa osauka, ndi ulendo wa ku Mecca. Amati munthu sangazule mzati umodzi wa nyumba ya eni naumangira m'nyumba mwace osagwetsa kanthu. Asilamu amalemekeza Yesu monga mneneri, koma sabvomereza kuti ndiye Mwana wa Mulungu, kapena kuti anafa pa mtanda. Ndipo pamenepa ndi pamene pagona ciyembekezo conse ca Mkristu. Amakumbutsanso cenjezo la Paulo kwa Akorinto, lakuti cimene munthu wolimba acita ndi mtima woyera cingathe kukhumudwitsa mbale wofoka amene akuonerera. Mwana wa sukulu ya Sabata akaona mphunzitsi wace akusala ndi Asilamu, angaganize kuti njira zonse ziri cimodzimodzi.

Obvomera nao ali ndi mau. Amati kusala kudya sikunayambe ndi Muhammad. Mose anasala masiku 40 pa phiri la Sinai. Estere anaitana Ayuda a ku Susani kusala masiku atatu. Anthu a ku Nineve, amene sanali Aisrayeli, anasala ndipo Mulungu anawacitira cifundo. Ambuye Yesu anasala masiku 40 m'cipululu. Mpingo wa ku Antiokeya unasala usanatumize Barnaba ndi Saulo. Akristu a zaka zoyamba anali kusala Lacitatu ndi Lacisanu, ndipo kufikira lero Akatolika ndi Aanglikani amasunga Lenti, pamene mipingo yina imaika masiku ace ace a kusala. Amati njala iribe cipembedzo, ndi dzuwa limene lilowera Msilamu ndi lomwelo limene lilowera Mkristu. Amakumbutsa kuti m'cigawo ca 14 ca kalata wa kwa Aroma Paulo analetsa abale kuweruzana pa nkhani ya zakudya ndi masiku, ndi kuti analola Akorinto kukadya kwa munthu wa cipembedzo cina atawaitana.

Mbali zonse ziwiri zagwira coonadi, koma mlandu sungathe poyang'ana mimba yokha. Anthu awiri angathe kukhala osadya tsiku limodzi, pa mkeka umodzi, koma wina akucita cinthu cina ndi mnzace cina. Cimene cipatsa kusala dzina lace ndico cifukwa cimene munthu asalira ndi amene amsalira. Cotero funso loyenera kwa mnyamata uja ndi lakuti: ufuna kusala cifukwa ca ciani?

Ngati asala poganiza kuti njala yace idzamgulira cikhululukiro ca macimo, walakwa njira, pakuti Mkristu akhulupirira kuti cikhululukiro ndi mphatso ya mwa Kristu, yosagulika ndi nsima yosiyidwa. Ngati asala kuti akondweretse mwini sitolo, namuonjezere malipiro, kapena kuti amlole kukwatira mwana wace, akucita cinyengo kwa Mulungu ndi kwa Msilamuyo. Ndipo Asilamu eni ace amaphunzitsa kuti kusala kopanda colinga coona n'kwacabe. Ngati asala kuti aonetse kulimba kwace, afanana ndi Mfarisi wa m'fanizo la pa Luka 18, amene anawerengera Mulungu masiku ace awiri a pa sabata, nabwerera kwao wosayesedwa wolungama. Koma ngati asala kuti apemphere kwa Atate m'dzina la Yesu, kuti aphunzitse thupi lace kumvera, kuti amve cimene mnansi wace akumva, ndi kupatsa wanjala cakudya cimene akadadya, palibe lamulo la m'Malembo limene limletsa kusankha maora ndi masiku omwewo amene mnansi wace wasankha.

MALIRE AMENE SAYENERA KUDUMPHIDWA

Ufulu umenewu uli ndi malire ace, monga munda uli wonse. Loyamba ndi kunena zoona. Mkristu auze anzace poyera kuti iye ndi Mkristu ndipo akhalabe Mkristu, ndi kuti asala monga bwenzi. Akabisa, anzacewo adzayembekeza kuti akulowa Cisilamu, ndipo podzazindikira adzamuyesa wonyenga.

Laciwiri likhudza mapemphero. Kudya pamodzi madzulo ndi cibale. Kunena mau a cibvomerezo cao, kapena kuima m'mzere wa swala monga mmodzi wa iwo, ndi cinthu cina, pakuti pamenepo pakamwa pabvomereza cimene mtima sukhulupirira. Pamene anzace apita kukapemphera, iye akhale pambali mwaulemu, napemphere mwa njira yace, kapena awerenge Buku Lopatulika. Msilamu woopa Mulungu amalemekeza munthu wotere kuposa uja wotsanzira zimene sazidziwa.

Lacitatu likhudza mpingo ndi banja. Munthu akambirane ndi abusa kapena akulu a mpingo asanayambe. Ndipo mpingo wace ukakhala ndi lamulo pa nkhaniyi, alimvere. Akaona kuti abale ofoka akukhumudwa, aleke, cifukwa mbale aposa mwambo. Wokwatira apangane ndi mkazi wace. Pakuti kawiri kawiri bambo ndiye amene amatamandidwa cifukwa ca kusala, pamene mai ndiye amadzuka tambala asanalire kukoleza moto wa daku, napita ku munda, nabwera kudzaphikira ana masana, naphikanso madzulo. Mwamuna amene afuna kusala, adzuke yekha nadzikonzere phala lace, kapena asungiretu cakudya madzulo.

Ndipo amene sasala asadziyese wocepa. Iye angathe kuonetsa cikondi mwa njira yina: kusadyera pamaso pa osala, kuwapeputsira nchito yolemetsa ya masana, kapena kuwatumizira dengu la mbatata madzulo.

THUPI NDI COIKIZA

Mbali yaciwiri ya funsoli ndi ya thupi, ndipo nayo ndi nkhani ya cikumbu mtima. Paulo anaphunzitsa kuti thupi la wokhulupirira ndilo mokhalamo Mzimu Woyera. Cotero munthu alisunga monga mbusa asunga ng'ombe za mwini. Kuliononga ndi njala yopanda nzeru ndi kulakwa, monganso kuliononga ndi mowa kapena dyera. M'buku loyamba la Samueli, cigawo ca 14, mfumu Sauli analumbiritsa ankhondo ace kuti asadye kufikira madzulo pa tsiku la nkhondo. Anthu analefuka, cigonjetso cinacepa, ndipo pofika madzulo anagwera zofunkha nadya nyama ndi mwazi wace womwe. Jonatani yekha, amene analawa uci, ndiye anapenya bwino. Nkhaniyi ionetsa zoopsa ziwiri za kusala kosaganizira: kukomoka usana ndi kususuka usiku.

Thupi la munthu wamoyo limatha kupirira maora 13 kapena 14 osadya. Ciwindi cimasunga shuga wa cakudya ca dzulo, nicimpereka m'mwazi pang'ono pang'ono. Ameneyo akacepa, thupi liyamba kuotcha mafuta ace. Koma madzi alibe nkhokwe yotere. Amaturuka kosaleka m'thukuta, m'mpweya ndi m'mkodzo. Cifukwa cace copweteka ceni ceni pa kusala kwa mtundu uwu ndi ludzu, makamaka kwa wogwira khasu, woumba njerwa, wopalasa njinga ya katundu, ndi wokhala m'cigwa ca Luangwa, kumene m'October kutentha kumapitirira madigri 40.

Pali anthu amene sayenera kusala konse, kapena ayambe afunsa ku cipatala. Woyamba ndi wodwala matenda a shuga, makamaka wolandira jekeseni ya insulin: shuga wace angatsike kufikira kukomoka, kapena kukwera koopsa atadya kwambiri madzulo. Ena ndi mai wa pakati ndi woyamwitsa, mwana amene akali kukula, nkhalamba yofoka, wodwala impso, mtima kapena zironda za m'mimba, wa khunyu, wocepa mwazi, ndi woonda ndi matenda. Womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a cifuwa cacikuru kapena a kuthamanga kwa mwazi, asasinthe nthawi yomwera pa yekha, ndipo asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Wogwidwa ndi malungo aleke kusala pomwepo, pakuti mankhwala a malungo amene aperekedwa kwambiri masiku ano amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amagwira bwino akamwedwa ndi cakudya ca mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Wotsegula m'mimba nayenso amwe madzi osalekeza. Ambiri a iwo, akadakhala Asilamu, lamulo lao likadawamasula. Nanga Mkristu, amene sanalamulidwe konse, adzimangirenji?

KUKONZEKERA NDI CAKUDYA CA M'BANDAKUCA

Msilamu anayamba kuzolowera kusala ali mwana, theka la tsiku, kenaka tsiku limodzi, kenaka masiku angapo. Mlendo asayese kunyamula mwezi wonse pa tsiku loyamba. Ayambe ndi tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, asankhe masiku a nchito yopepuka, naone m'mene thupi licitira. Wozolowera tiyi kapena khofi wambiri acepetse sabata imodzi asanayambe, cifukwa kuleka mwadzidzidzi kumabweretsa litsipa. Wosuta fodya adzabvutika koposa, koma apeza pano mwai wakulekeratu.

Cakudya ca m'bandakuca cisadumphidwe cifukwa ca tulo. Eliya asanayende ulendo wace wautali wa ku Horebu, mngelo anamdzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Cofunika pa daku ndi cakudya cimene cikhalitsa m'mimba. Ufa wa mgaiwa uposa ufa woyera, cifukwa gaga wace acedwetsa kugaya, ndipo mphamvu ituruka pang'ono pang'ono. Phala la mgaiwa, la mapira kapena la mawere lothira nsinjiro liri bwino kwambiri. Iri bwinonso nsima ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena nzama, mbatata yophika ndi nsinjiro, dzira lowiritsa, mkaka wowiritsa kapena cambiko. Nyemba, nsawawa, mazira ndi mkaka ziri ndi zomanga thupi, zimene zicedwetsa njala. Pakhale ndiwo zamasamba pang'ono ndi cipatso, monga nthoci kapena papaya.

Zoyenera kupewa m'mawa ndi izi: buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri, cifukwa zimapsa msanga ngati moto wa mapesi, ndipo pofika 10 koloko munthu ayamba kunjenjemera; kapenta kapena nsomba youma ya mcere wambiri, ndi tsabola wambiri, cifukwa ziutsa ludzu; ndi zokazinga m'mafuta, cifukwa zimatentha pa cifuwa. Munthu amwe makapu awiri kapena atatu a madzi mosafulumira. Kumwa cidebe conse nthawi imodzi sikuthandiza, pakuti impso zitaya otsalawo dzuwa lisanakwere.

USANA

Mlimi agwire nchito yolemetsa m'mamawa, napume pa mthunzi dzuwa likafika pamutu. Abvale cipewa ndi zobvala zopepuka. Kusamba kapena kunyowetsa mutu kumaziziritsa thupi. Njala, kuuma kwa pakamwa ndi kufoka pang'ono ndi zinthu zoyembekezeka, makamaka masiku atatu oyamba. Koma pali zizindikiro zimene zilamula kumasula nthawi yomweyo: cizungulire cosatha, mdima m'maso, kunjenjemera ndi thukuta lozizira, kusanza, mtima kugunda mothamanga, kusokonezeka kwa maganizo, kapena mkodzo kukhala wocepa ndi wofiirira kwambiri. Wotere agone pa mthunzi namwe madzi. Ngati wafoka kwambiri, asungunule masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, namwe pang'ono pang'ono. Ngati sapeza bwino, amtengere ku cipatala; ndipo munthu wokomoka asamthire madzi m'kamwa. Kumasula pa cifukwa cotere sikuli kocititsa manyazi. Paulo yemwe, m'ngalawa ija ya pa Macitidwe 27, anadandaulira anthu amene anakhala masiku 14 osadya bwino kuti adye, apulumuke.

Usana uyesanso mtima. Munthu wanjala amapsa mtima msanga. Amene asala nakalipira mkazi wace, namenya ana, kapena kunyoza wanchito, wataya tsiku lace. Pa ici mneneri Yesaya m'cigawo ca 58 ndi aphunzitsi a Cisilamu anena cimodzimodzi. Ndipo Ambuye pa Mateyu 6 analangiza wosala kusamba nkhope ndi kuoneka monga masiku onse, osayenda ndi nkhope yacisoni kuti anthu amtame.

DZUWA LITALOWA

Pano ndi pamene ambiri amagwa. Mimba imene yakhala copanda kanthu tsiku lonse iyenera kudzutsidwa mofatsa. Mwambo wa Asilamu wakuyamba ndi madzi ndi zipatso zitatu za kanjedza, napita kukapemphera, nadzadya pambuyo pace, uli ndi nzeru imene anamwino abvomereza. Kumudzi kumene kulibe kanjedza, nthoci, papaya, gwafa, mango kapena masuku pa nyengo yace zigwira nchito yomweyo. Pambuyo pace munthu amwe kapu ya phala losalimba, kapena thobwa losasasa. Akhale kanthawi, ngati mphindi 15 kapena 20. Mkristu ali ndi mpata pamenepa wakuyamika Mulungu pamodzi ndi banja lace. Atatero adye cakudya ceni ceni.

Cakudyaco cikhale ca masiku onse, muyeso wa masiku onse: nsima, ndiwo zamasamba zambiri monga nkhwani, bonongwe, cisoso, kholowa, mpiru kapena therere, ndi nyemba, nsomba, dzira kapena nyama pang'ono. Futali, ndiyo mbatata, cinangwa kapena maungu ophika ndi nsinjiro, ndi cakudya cabwino ca madzulo otere. Vitumbuwa, mandasi, samusa ndi zakumwa za m'mabotolo zikhale zocepa, cifukwa mafuta ndi shuga wace zimalemetsa mimba, zionjeza ludzu la mawa, ndipo zicititsa ena kutha mwezi wa kusala atanenepa kuposa kale. Munthu adye mosafulumira, natafune bwino, naleke asanakhute kwambiri. Asagone atangotha kudya. Mowa usayandikire konse: m'nyumba ya Msilamu ndi cipongwe, ndipo m'thupi louma ndi poizoni. Wopereka cakudya kwa Asilamu akumbukire kuti sadya nkhumba, kapena nyama imene sinazingidwe mwa mwambo wao.

Kuyambira madzulo kufikira m'bandakuca munthu amwe madzi okwana malita awiri, ndiwo makapu ngati 8, ndipo wogwira nchito ya thukuta aonjeze. Awagawe: awiri pomasula, ena pambuyo pa cakudya, ena asanagone, otsala pa daku. Madziwo akhale a pa mjigo kapena owiritsa, makamaka m'dzinja pamene zitsime zimadetsedwa ndi madzi a mvula. Mkodzo ukakhala woyera m'mawa, wamwa mokwanira. Masamba, zipatso ndi mgaiwa zithandiza kuti asadzimbidwe. Ndipo agone msanga, pakuti wodzuka 4 koloko atacezera usiku adzafoka ndi tulo kuposa ndi njala.

NSIMA IMENE YASIYIDWA

Patsala cinthu cimodzi, ndipo ndico cacikuru. M'zaka zino Ramadan akugwa m'miyezi ya February, January ndi December, nyengo imene nkhokwe zambiri ziri pansi ndipo cimanga ca m'munda sicinakhwime. M'mudzi uli wonse muli mai wamasiye, nkhalamba kapena ana amasiye amene amadya kamodzi pa tsiku osasankha, ndipo dzuwa likalowa alibe comasulira. Munthu wa m'nyumba yotere asasale. Thupi lace lasala kale kokwanira, ndipo nchito ya kupalira ikumdikira. Koma iye amene ali ndi ufa m'nyumba, nasala mwa kufuna kwace, adzifunse kumene ipita nsima yace ya masana. Ngati ingosamukira m'mbale ya madzulo, iye wangosintha maora a kudya. Yesaya analalikira kuti kusala kumene Mulungu akondwera nako kumaoneka pa kugawira wanjala, kulandira wosowa pogona, ndi kupeputsa goli la oponderezedwa. Cotero ufa wa tsiku limenelo uyesedwe m'mbale, pamodzi ndi nyemba zace, nuperekedwe ku khomo kumene utsi sunafuke.

Pamenepa Mkristu angaphunzire kwa mnansi wace popanda kutaya kanthu ka cikhulupiriro cace. Mwina adzacita manyazi poona mlonda wa usiku kapena mai wogulitsa tomato akupirira ludzu masiku 30 cifukwa ca kuopa Mulungu, pamene iye alephera kusiya tiyi tsiku limodzi la pemphero. Manyazi otere ngabwino ngati amtumiza ku Buku Lopatulika ndi ku pemphero.

Mkulu wa mpingo uja angathe tsono kuyankha mwana wace motere: "Mwana wanga, kusiya nsima si cimo, ndipo sikudzakupulumutsa. Uza anzako kuti ndiwe wa Kristu. Idya nao madzulo, koma upemphere m'dzina limene unabatizidwa nalo. Yamba ndi masiku ocepa, idya daku wako, imwa madzi usiku, ndipo ukadwala umasule. Ufa wako wa masana ukapereke kwa agogo ako a kuseri kwa dambo. Ukatha, udzandiuze cimene waphunzira." Mnyamatayo akamvera, adzabwera nalo thupi lace lamoyo, cibale cace ndi anansi colimba, ndi cikhulupiriro cace cosagwedezeka. Akaona kuti cimodzi ca zitatuzi ciri pangozi, aleke kusala, nadye cakudya cace mobisika ndi ciyamiko, pakuti nayenso wakudya mwa njira imeneyi alemekeza Ambuye.